Langa Silidontha

Arkadi Fomichi Zhilini anali munthu wosadziwa kukhala pansi. Zaka makumi awiri ndi zisanu anazithera pamwamba pa fakitale ya mathirakitala, kukhoma malata ndi kumata phula. Boma lachikomyunizimu litagwa, fakitale nayo inatseka zipata, mkuluyu n'kutsala ndi makwerero, nyundo ndi manja oyabwa. M'nyumba ankangozungulira ngati nkhuku yosowa poikira. Mkazi wake anali atamwalira kale, moti panalibenso womukalipira kuti akhale pampando.

Mu 1994 analemba chikalata n'kukachimata pachipata cha msika: "Mukufuna denga? Funsani Arkadi Fomichi. Langa silidontha."

Tauni yonse inkadziwa kuti mawu oti denga anasintha ntchito, kupatula iyeyu. Masiku amenewo aliyense wogulitsa kanthu ankayenera kukhala ndi denga, kutanthauza gulu la zigawenga za majekete achikopa lomuteteza ku zigawenga zina za majekete achikopa. Wopanda denga, golosale yake inkapsa. Koma Arkadi sankacheza kumsika. Ankangodabwa kuti anthu akawerenga chikalata chake amamupatsa moni waulemu kwambiri, ntchito osamupatsa.

Amene anamuitana ndi mlamu wake Raisa yekha, mng'ono wa malemu mkazi wake. Raisa anali mphunzitsi kale, koma tsopano ankagulitsa fodya ndi nthanga za mpendadzuwa m'kagolosale kachitsulo pafupi ndi depoti ya mabasi. Kagolosaleko ndi kamene kankadyetsa iye ndi mayi ake odwala. Arkadi anakakhomera malata atsopano.

Patapita sabata, Raisa anamupeza akupala dzimbiri pamakwerero, iye ali wefuwefu.

"Alamu, ndalakwitsa."

"Ladontha?"

"Bola likanadontha! Kwabwera anthu a Tolika, mkulu wa zigawenga uja wophwanyika khutu. Andifunsa kuti denga langa ndani. Ine ndangotchula inuyo."

"Nanga walakwa chiyani, Raisa? Si ndinakhoma ndine?"

"Inu alamu, mutu wanuwu munauiwala pamwamba pa fakitale eti?"

Atamufotokozera tanthauzo latsopano la denga, Arkadi anasiya kupala dzimbiri. Lamulo la zigawengazo linali lakuti munthu akatchula denga lake, dengalo likaonekere maso ndi maso kwa ofunsawo. Raisa ndi anthu a Tolika anali atapangana mawa lake masana, kuseri kwa fakitale. Likapanda kubwera, kagolosale kapsa.

Tsiku limenelo Arkadi sanakhudze chakudya. Ananola lumo lodulira malata lomwe linali lakuthwa kale. Anapita kusiteshoni kukaona nthawi ya sitima ya ku Perimu kwa mlongo wake, anaima pamzere, n'kubwerera atatsala pang'ono kufika pazenera. Ankachita mantha, mantha enieni, komanso anali ndi mkwiyo kuti mawu a ntchito yake anabedwa iye osadziwa.

Kumsonkhanoko anapita atasenza makwerero, poti sankadziwa chomwe anthu amanyamula popita koteroko. Anapeza magalimoto awiri akuda ndi amuna asanu ndi mmodzi. Tolika, yemwe kale anali katswiri wogwetsana, anamuyang'ana kuyambira kunsapato.

"Madala, kumbuyo kwanuku kuli ndani?"

"Kulibe munthu. Ine ndimakhoma malata. Denga la fakitale mwatsamirayi ndi langa."

Tolika anaphulika nako kuseka mpaka kugwira galimoto, anzake n'kutsatira.

"Mwandikomola, madala! Chabwino, golosaleyo sitiiotcha. Mayiyo alowa pansi pa denga langa ngati anzake onse. Koma inuyo Lolemba mubwere ndi timakwerero tanuti. Ndikumanga nyumba kumtsinje."

Masabata atatu Arkadi anali pamwamba pa chinyumba chimenecho, osalipidwa. Malata ake anali amkuwa, ndipo anawazindikira: anachokera mosungira katundu mwa fakitale yake yomwe. Raisa ankamubweretsera buledi wakuda ndi nkhaka za mumchere, n'kumamunong'oneza.

"Alamu, kabowo kamodzi kokha. Pamwamba penipeni pa bedi lake."

Arkadi anavomera ndi mtima wonse. Tsiku lomaliza anasankha malo, anaika msomali, anakweza nyundo. Anakhala choncho mpaka mkono unatopa. Kenaka anaponya msomaliwo m'thumba, n'kupinda mphepete mwa lata lomaliza mwaudongo monga anachitira moyo wake wonse. Anatsika akudzitukwana.

Chikalata chija anakachimatula yekha. Kagolosale ka Raisa sikanapse. Arkadi anakalamba akukwerabe madenga a anthu, ndipo mvula ikayamba amadzuka pampando n'kukaima pazenera loyang'ana kumtsinje. Denga la Tolika silinadonthepo ngakhale kamodzi. Munthu akamufunsa ntchito imene anaigwira bwino koposa zonse, Arkadi amayang'ana kumbali, chifukwa ndi imeneyo.