Khutu Langa Linatsala Kumtsinje

Ndinataya khutu lakumanja, ntchito, ndi njinga yomwe kunatsala mwezi umodzi kuti ikhale yanga. Zonsezi zinapita m'masabata asanu ndi limodzi, ndipo zinayamba ndi kachiphuphu kuseri kwa bondo komwe sindinakayese kanthu. Ndikulemba izi chifukwa anyamata akwathu akubwerabe kuno ku Joni, ndipo thupi likangotentha amathamangira zomwe ndinathamangira ine.

Kwathu ndi ku Ntcheu. Sukulu ndinalekeza Fomu 2, chifukwa chake musandifunse. Ndinafika ku Rustenburg ndili ndi zaka makumi awiri, maso ali pamgodi, koma kumgodi amafuna mapepala ndipo ine ndinalibe. A Phiri, mkulu wakwathu amene anachona ine ndisanabadwe, anandipatsa kachipinda kuseri kwa nyumba yawo ku Photsaneng, n'kundipezera ntchito ya m'galadeni panyumba ina ku Safari Gardens.

Bwana wanga anali wokonda njinga. Loweruka lililonse iye ndi anzake ankapalasa njinga zamagiya m'tinjira ta m'mbali mwa mtsinje, kudutsa m'nkhalango ya mitengo yaminga mpaka m'tsinde mwa phiri. Kwathu njinga ndi yonyamulira makala ndi odwala. Kuno anthu amapalasa kuti angotopa, n'kubwerera pomwe anayambira. Ataona kuti ndimamata chubu msanga, bwanayo anandibwereka njinga yake yakale yabuluu, nati ndikatha chaka pantchito idzakhala yanga. Ndinkapita nayo kuntchito m'mawa uliwonse. Lachisanu ndinkatsogola ndekha ndi chikwanje, kusadza nthambi zotchinga njira ndi kumanga tinsalu tofiira pamphambano kuti asasochere. Loweruka ndinkawatsata kumbuyo ndi mpope, zigamba ndi madzi.

Sindinama, njirayo ndinkaikonda. Panali malo owoloka njinga ili paphewa, madzi akufika m'mawondo. Panali mkuyu waukulu pomwe ndinkadyera buledi nkhanga zikundizungulira. Lachisanu palibe ankandiitana, palibe ankandiloza.

Asananyamuke, anthu aja anali ndi mwambo wawo. Ankakoka sokosi mpaka m'mawondo, n'kudzipopera mankhwala m'miyendo. Pobwerako ankayang'anana m'khosi ndi m'miyendo ngati anyani. Ine ndinkaseka chamumtima. Palibe anandiuza chifukwa chake, nanenso sindinafunse. Ine amene ndinkalowa mu udzu wosapondedwa iwo asanadutsemo, ndinkapita ndi kabudula ndi nsapato zopanda sokosi. Nkhupakupa ndinkati ndikuzidziwa: kwathu ndi za agalu ndi ng'ombe, zazikulu ngati nandolo, umazizula n'kuziponda basi. Sindinkadziwa kuti zilipo zina zazing'ono ngati njere ya fodya, ndipo zimadwalitsa munthu.

Munali mu Febuluwale, udzu utafika m'chiuno. Lamlungu ndinamva kuyabwa kuseri kwa bondo lakumanzere, ndinakanda n'kuiwala. Lachinayi mutu unayamba. Sunali mutu wamba, unkagunda kumbuyo kwa maso moti kuwala kwa dzuwa kunkandilasa. Loweruka ndinawatsata anthu aja ndikunjenjemera, ndipo pachitunda chomaliza ndinatsika n'kukankha njinga. Mwanabele anatuluka m'mphechepeche, m'thupi monse mukuphwanya.

A Phiri anandigwira pamphumi n'kugwedeza mutu. "Malungo awa, mwana wakwathu. Ine ndawadwala kangati iwe usanabadwe?" Anatulutsa m'kachitini mapiritsi atatu aja a malungo omwera kamodzi, amene munthu wina anabwera nawo kuchokera kumudzi. Ndinamwa mosangalala. Mmalawi aliyense amadziyesa dokotala wa malungo, ndipo ine ndinali mmodzi wa madokotalawo. Sindinadzifunse kuti udzudzu wake unandiluma kuti, poti ndinali nditatha chaka ndi theka osaponda kwathu.

Za chipatala sitinakambe n'komwe. Pakati pathu pankamveka kuti kalaliki akaona kuti ulibe chiphaso amaitana apolisi, ndipo umakatsitsimukira pamalire ndi malaya omwe wavalawo. Palibe ankadziwa munthu weniweni amene zinamuchitikira, koma tonse tinkakhulupirira.

Lolemba ndinayesa kupita kuntchito. Ndinagwa ndi njinga m'mbali mwa msewu, ndipo ndinabwerera chokankha. Lachiwiri tizidzolo tofiira tinatuluka pamimba, kenako m'manja, mpaka m'zikhatho ndi kumapazi. A Phiri anati mankhwala achepa mphamvu, ndiye ndinamwanso ena atatu. Lachinayi mkodzo unayamba kuchepa, ndipo m'khutu lakumanja munayamba kulira ngati nyenje za m'Okutobala, usana wonse osaleka.

Amene anandipulumutsa ndi akazi a a Phiri, Mma Tebogo, Mtswana wa ku Bethanie amene anakulira pakati pa ng'ombe. Loweruka m'mawa anabwera ndi phala, n'kundipeza nditagona chafufumimba, bulangeti litagwa. Anaona kuseri kwa bondo kuja. Panali nkhanambo yakuda bii, yozunguliridwa ndi kufiira, ngati pomwe munthu wazimitsira ndudu. Anaika phala pansi n'kuitana amuna awo.

"Madala, bwerani muone malungo anu a ku Malawi. Iyi ndi nkhupakupa. Mwana uyu apite kuchipatala lero."

"Aikona," anatero a Phiri. "Mapepala alibe ameneyu."

"Nanga mtembo wopita ku Ntcheu sufuna mapepala? Umafuna ambiri kuposa wodwala. Pezani galimoto."

Tinafika pachipatala cha boma cha m'ma seveni, ndipo anatiitana itadutsa thu koloko. Maola onsewo ndinatsamira phewa la Mma Tebogo pabenchi, ndikuyang'ana chitseko kudikira apolisi. Mayi wina atamva ndikubuula m'Chichewa ananong'ona za makwerekwere, dzina lotinyozera ife obwera, n'kusendera kutali. Kalaliki anafunsa dzina, zaka ndi kumene ndimakhala, analemba khadi, n'kuitana wotsatira. Zinathera pomwepo. Masiku khumi ndinkaopa munthu amene sanadzutse n'komwe mutu kuti andione.

Anatenga magazi. Malungo munalibe. Dokotala, mtsikana wowonda wooneka wotopa, anayang'ana nkhanambo ija ndi zikhatho zanga, n'kufunsa ngati ndimayenda m'tchire. Nditamuuza za njira ya njinga, anapumira m'mwamba. "Kuno kulibe malungo. Ukanabwera mutu utangoyamba, ndikanakupatsa makapisozi n'kubwerera kunyumba tsiku lomwelo. Tsopano impso zako zatopa. Ugona."

Ndinagona masiku khumi ndi limodzi. Masiku atatu oyamba sindikuwakumbuka bwino. Otsalawo anali ofanana onse: kudzutsidwa kusanache kuti ayeze kutentha kwa thupi, tiyi wozizira, dilipi, makapisozi m'mawa ndi madzulo, kukodzera m'botolo kuti namwino ayeze kuchuluka kwake n'kulemba pachikalata chakumapazi kwa bedi. Dokotala ankadutsa cha m'ma teni, mphindi ziwiri pabedi lililonse. Tsiku lachinayi thupi linazizira. Tsiku lachisanu ndi chiwiri namwino anakweza botolo lija n'kunena kuti, "Impso zadzuka, achimwene," ndipo ndinadya chakudya chonse koyamba.

Kumanja kwanga kunagona bambo wina wa ku Tete, wothyoka mwendo kumgodi. Tsiku lina anandiponyera khoko la lalanje. "Achimwene, mwakwiya nane? Ndakuitanani kanayi." Ndinatembenuka n'kumuuza kuti anenenso. Nditayang'ana kudenga, mawu ake anazimirira. Nyenje zija zinali zitaleka kulira, ndipo ine ndinkayesa kuti ndi kuchira. Dokotala analiza kachitsulo pafupi ndi khutu lililonse, nati mwina pakatha miyezi itatu lidzatseguka, mwina ayi. Silinatseguke.

Nditatuluka ndinatha masabata ena atatu ndisanathe kuyenda mpaka pamsewu osapumira. Njinga sindinaipeze. A Phiri anati bwana anatuma munthu kudzaitenga ndili m'chipatala. Kumapeto kwa Malichi ndinakwera minibasi kupita ku Safari Gardens ndi khadi la kuchipatala m'thumba. Bwana anandilankhula ali mkati mwa geti, ine ndili kunja. Anawerenga khadi lija n'kugwedeza mutu ngati munthu womva chisoni. Anati matenda a nkhupakupa aliyense amawadziwa, bwanji sindinavale sokosi? Bwanji sindinafunse? Anati udzu sukanadikira masabata asanu ndi limodzi, ndiye analemba munthu wina. Za njinga anati pangano linali chaka, ndipo ine ndinagwira miyezi khumi ndi umodzi.

Ndinamutembenuzira khutu lakufa, n'kuchoka iye akulankhulabe.

Sindikuti mlandu wonse ndi wake. Mapiritsi asanu ndi limodzi aja ndinameza ndekha, ndipo masiku khumi ndinagona m'kachipinda ndi mantha anga. A Phiri mpaka lero sayang'ana mbali ya khutuli tikamacheza. Koma chitini cha mankhwala opopera chinkadutsa m'manja asanu ndi awiri Loweruka lililonse ine nditaima pomwepo ndi mpope wawo, ndipo sichinafike m'dzanja langa ngakhale kamodzi.

Papita chaka ndi miyezi ingapo. Mphamvu zinabwerera, impso zili bwino, kuseri kwa bondo kwangotsala kachipsera. Ndimamata machubu ndi kuwongola masipoko pansi pa mtengo pafupi ndi pokwerera minibasi ku Photsaneng. Ndikabwereka njinga ndimapalasa khosi lili chopotoka, chifukwa magalimoto amadutsa kumanja ndipo kumanjako n'kumene kulibe khutu.

Tsono imvani, inu akwathu. Si kutentha thupi kulikonse komwe kuli malungo. Mukayenda mu udzu wautali, vulani zovala mudziyang'ane kuseri kwa mawondo, m'mphechepeche ndi m'khwapa. Mukaona nkhanambo yakuda, mutu n'kumagunda, siyani kachitini ka mapiritsi akumudzi, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Za mapepala sindingakulonjezeni kanthu, ndingonena kuti ine sanandifunse. Ngakhale akanandifunsa, bola kukafika pamalire ndi makutu awiri.

Njinga yabuluu ija imadutsa pano m'mawa uliwonse. Amene amaikwera ndi bambo wina wa ku Balaka, wa ana atatu, amene analowa m'malo mwanga. Chubu chikaphulika amabwera nayo kwa ine, ndipo ndimaimata bwino, poti zigamba zake zonse ndimazidziwa. Tsiku loyamba anandiuza monyadira kuti akatha chaka idzakhala yake. Ndinayang'ana miyendo yake. Anali ndi kabudula. Ndinavula sokosi zanga pomwepo n'kumupatsa.