Apongozi Pasikelo

Ntchito yoyendetsa ndege ndinaipeza m'nyuzipepala yomwe anandikulungiramo usipa. Munali m'zaka za m'ma 1970, ndili mphunzitsi wa masamu ku Karonga, mwana wa ku Dedza amene boma linangomuponya kumpoto osamufunsa n'komwe. Nditafika kunyumba n'kutambasula pepala lija, ndinaona chilengezo choti kampani ya ndege ikufuna anyamata a Chimalawi odziwa masamu kuti iwaphunzitse kuuluka. Pepalalo linali lakalekale, fungo la nsomba lili guu, koma tsiku lotsekera linali lisanakwane. Ndinalemba kalata tsiku lomwelo. Anandiitana ku Blantyre, anandiyeza maso, makutu ndi mtima, kenako ananditumiza kunja kukaphunzira chaka ndi theka.

Apa n'kuti nditakwatira kale mtsikana wa ku Mwenilondo, dzina lake Tusekile. Nditabwerako ndi shati yoyera, chipewa ndi kamzere kamodzi paphewa, abale anga ku Dedza ndi akuchikazi ku Karonga anamvana chimodzi, choti mwana wathu walemera. Makalata anayamba kufika. Uyu akufuna wailesi, uyu njinga, uyu fizi ya ana atatu. Koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Malipiro a woyendetsa ndege watsopano ankangoposa a uphunzitsi pang'ono, ndipo kampani inkadulako mwezi uliwonse kubweza za maphunziro aja. Ndinkagona m'kachipinda kamodzi ka lendi ku Lunzu, n'kumapalasa njinga kupita ku Chileka, yunifolomu ili m'chikwama kuopa fumbi. Munthu woti masana wadutsa pamwamba pa mitambo, madzulo akudyera bonongwe wopanda tomato! Mkazi ndinalephera kumutenga, anatsala kwa makolo ake.

Banja lathu linali la mphindi makumi anayi pa mlungu. Lachinayi lililonse tinkanyamuka ku Chileka, kutera ku Lilongwe, ku Mzuzu, kenako ku Karonga, ndipo Tusekile ankabwera pabwalo ndi kabakuli ka mbalagha, nthochi zophika ndi nyama zija. Tinkakhala pamthunzi wa phiko n'kumakambirana za pakhomo, ine diso lili pa wotchi.

Komabe sindingakunamizeni, ntchito ija inkandizunguza mutu ndi kukoma. Ndege yathu inali yaing'ono, ya mainjini awiri, yonyamula anthu asanu ndi anayi. Lamulo linkalola kuti iziuluka ngakhale ndi woyendetsa mmodzi yekha. Ine ndinkakhala kumanja ngati wophunzira, kusonkhanitsa maola. Tikachoka ku Mzuzu, Nyika ili kumanzere, mapiri a ku Tanzania ali kutsidya, minda ya mpunga ili biriwiri m'munsimu, ndinkadzifunsa kuti, kodi ndine ndemwe uja ndinkaweta mbuzi ku Dedza? Chitsulo cholemera kuposa lole, n'kumayenda pa mphepo yosaoneka ndi maso! Masamu ake ndinkawadziwa onse, koma mpaka lero mtima wanga sunazolowere.

Bwana wanga anali mzungu wachikulire amene antchito anamutcha Kaputeni Pensulo, chifukwa pensulo sinkachoka pakhutu pake. Sankakalipa, koma akakuyang'ana unkakumbukira machimo ako onse. Iye ndiye anandiphunzitsa kuzungulira ndege yonse ndisanakwere, kuyeza mafuta ndi kandodo m'malo mokhulupirira geji, kuthira mafuta pang'ono m'kagalasi kuti ndione ngati mulibe madzi, ndi kuuluka motsika kamodzi pamwamba pa bwalo la Karonga tisanatere, kuti ng'ombe zithawe. Ntchito yanga yeniyeni inali lodishiti, pepala lolembapo kulemera kwa chilichonse cholowa m'ndege. M'ndege yaing'ono munthu aliyense amakwera pasikelo, kaya ndi bwana kaya ndi m'busa. Kalaliki wa pabwalo, a Msiska, ankayeza, ine n'kumalemba mapaundi, n'kuwonkhetsa, Kaputeni n'kusaina.

Tsiku lovuta linafika mwezi wa Malichi, mvula itagwa mlungu wathunthu. Tusekile anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu. Titatera, matope ali thapwithapwi m'matayala, sindinamuone pamalo pake. M'malo mwake panali galimoto ya chipatala. A Msiska anandithamangira ndi kalata ya dokotala m'manja.

"Achimwene, mulimbe mtima. Mlamu wadwalika. Mwana wakhala mopingasa ndipo magazi athamanga. Adokotala akuti apite ku Blantyre lero lomwe. Msewu waduka, mlatho wapita ndi madzi."

Ndinasuzumira m'galimoto muja. Nkhope ya mkazi wanga inali itatupa moti maso ankachita kuvuta kuoneka. Anayesa kundimwetulira. Pambali pake panali namwino, ndipo panja panaima amayi ake, apongozi anga, atazunguliridwa ndi mitolo: mpunga, mapoto, beseni, mkoko wa nthochi, ngakhale nkhuni. Iwo ndiwo ankapita kukadwazika, ndipo wodwazika matenda kuchipatala amadziphikira yekha.

Okwera ena tsiku limenelo anali mkulu wina wa chipani ndi anzake atatu, akupita kumsonkhano ku Lilongwe. A Msiska anayeza onsewo, anayeza namwino, Tusekile tinatenga kulemera kwake pakhadi la kusikelo ya chipatala. Atafika pa apongozi, a Msiska anandiyang'ana n'kunong'ona kuti, "Awa ndi anu."

Muyenera kumvetsa. Kwathu mkamwini sayang'ana apongozi kumaso. Mukakumana panjira, wina amapatukira kutchire. Chikwatirireni ndinali ndisanalankhule nawo mawu opitirira moni, nawonso moniwo nditanjuta, maso ali pansi. Ndiye ine lero ndiwauze kuti kwerani apa tione kunenepa kwanu, pamaso pa anthu, pasikelo yofanana ndi yogulira mpunga kumsika? Komanso, Mulungu andikhululukire, apongozi anga anali mayi wathupi ndithu. Ndinapukusa mutu, a Msiska anamva. Ndinalemba mapaundi zana limodzi ndi makumi atatu a m'mutu mwanga, mitolo yonse ndinailemba mapaundi khumi. Nditawonkhetsa, zinakwana bwinobwino, malire osapyola.

Kaputeni anali atapita kukayenda wapansi bwalo lonse, kuponda ndi chidendene kuti amve kufewa kwa nthaka. Anabwerako nsapato zili matope okhaokha, n'kulandira pepala. Analiyang'ana, anayang'ana apongozi, anayang'ananso pepala. Pensulo sinachoke pakhutu.

"Mayi awa wawayeza?"

Ndinati, "Bwana, ndi amayi a mkazi wanga. Pachikhalidwe chathu..."

"Ndakufunsa ngati wawayeza."

Ndinavomera kuti sindinawayeze.

Iye anati, "Dzuwa latentha, mpweya wapepuka, udzu wanyowa, ndipo kumapeto uko kuli mitengo ya mango. Ndege sidziwa kuti awa ndi ndani wako. Ukawayeze wekha, ndi manja ako."

Abale inu, ndinakhumba nthaka itang'ambika. Ndinapita n'kukanjuta chapatali, chipewa chili m'manja, n'kupempha a Msiska kuti andilankhulire m'Chinkhonde. Apongozi anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anayankha m'Chichewa kuti nanenso ndimve bwino.

"Ine ndasanduka thumba la mpunga? Mkamwini wanga akufuna andigulitse kwa mzungu?"

Anzake a mkulu wa chipani aja anaseka. Koma m'galimoto muja munamveka mawu ofooka a Tusekile: "Amama, kwerani. Ndatopa ine." Apongozi anavula matapata, anamangitsa chitenje, n'kukwera pasikelo atandifulatira, mutu uli chilili ngati ali m'tchalitchi. Ine ndinasuntha kachitsulo ka pamtanda wa sikelo, kupyola zana ndi makumi atatu anga aja, kupyola zana ndi makumi asanu, mpaka kanakakhazikika pafupi ndi mazana awiri. Mitolo ija inakwana makumi anayi ndi mphambu zisanu.

Kaputeni anatsitsa pensulo n'kuwerengera yekha. Chifukwa cha kufewa kwa bwalo anatsitsanso malire. Tinatsitsa nkhuni, nthochi ndi thumba la makalata, koma tinali titapyolabe ndi mapaundi oposa zana. Mafuta sakanachepetsa, chifukwa kumwera mitambo inali itatseka ndipo mwina akanafunika kuzungulira. Mkulu wa chipani ndi anthu ake, aaa, masiku amenewo ndani akanayerekeza kuwauza kuti mutsale? Ukanagona kwina. Namwino anali wofunika panjira. M'mutu mwanga ndinali nditagamula kale kuti otsala ndi apongozi, ndipo ndinkangosowa pakamwa poyambira.

Kaputeni anandiloza ndi pensulo. "Kwera pasikelo."

Ndinakwera. Zana limodzi ndi makumi anayi.

"Utsala ndiwe. Kuchipinda cha amayi oyembekezera sakakulowetsa, mayiwa akalowa. Komanso munthu wonama papepala ili sindimufuna kumanja kwanga lero." Kenako anafewetsa mawu pang'ono. "Ukuchiona chulu chiri apo, m'mbali mwa bwalo? Kaime pamenepo. Ndikafika pomwe waimapo matayala akadali pansi, ndiimitsa ndege, sitipita. Ndiwe chizindikiro changa."

Tinamugoneka Tusekile pamipando iwiri. Ndinamumanga lamba ndekha, ndinamangitsa apongozi kudzera mwa namwino, ndinatseka chitseko ndili kunja, n'kuchotsa timatabwa totsekera matayala. Kenako ndinayenda m'matope kukaima pachulu paja ndi shati yanga yoyera.

Ndege inapita kumapeto kwenikweni kwa bwalo, mchira utatsala pang'ono kugunda tchire. Ndinamva mainjini akukwera mawu, Kaputeni ataponda mabuleki, mpaka udzu wa kumbuyo unagona pansi. Atamasula, inayamba kubwera, koma mwaulesi, ngati ng'ombe yokoka ngolo m'dambo. Madzi ankathovoka m'matayala. Ndinkadziwa liwiro lomwe inkafunika, ndipo ndinkaona ndi maso kuti silinakwane. Ndinayamba kukuwa ndekhandekha, "Dzuka! Dzuka, mayo!" Tayala lakutsogolo linanyamuka. Awiri akumbuyo anakakamirabe, akukhwekhwereza matope, mpaka ndinaona nkhope ya Kaputeni pawindo. Itangotsala mikono yowerengeka kufika pomwe ndinaima, pakati pa matayala ndi udzu panaoneka kuwala. Inandidutsa ndi mkokomo womwe ndinaumva m'chifuwa, madontho a matope akundigwera kumaso, n'kukwera pang'onopang'ono, pang'onopang'ono, mpaka inadutsa mitengo ya mango ija masamba akugwedezeka.

Ndinapezeka nditagwada. Kaputeni uja anawerengera ndi pensulo malo omwe chitsulo chidzasiyane ndi dziko, ndipo chinasiyana nalo pomwepo ndithu! Mantha ndi kuzizwa zinandigwira nthawi imodzi. Kenako ndinawerengera masamu ena, oti pepala langa lija likanasainidwa ndege ikanakhala ndi ine, nkhuni, nthochi ndi bodza langa m'kati. Sikanadutsa mitengo ija. Ndinalira ngati mwana, a Msiska anachita kudzandidzutsa.

Uthenga unafika m'mawa mwake pa wailesi ya ofesi ya pabwalo. Tusekile anamuchita opaleshoni, kwabadwa mwana wamkazi, onse awiri ali moyo. Ine ndinatsala ku Karonga mlungu wathunthu kudikira ndege yotsatira. Kaputeni analemba lipoti monga mwa lamulo, ndipo kamzere kachiwiri, pamodzi ndi malipiro ake omwe ndinkawerengera kuti ndipezere nyumba yokhala ndi banja, kanachedwa miyezi isanu ndi umodzi. Sindinadandaule. Akuluakulu anati manyazi anapha lambe, ine akanandiphera nyumba yonse. Ndauluka zaka zambiri pambuyo pake, ndakhala kaputeni, ndipo sindinalembenso nambala yomwe sindinaione ndi maso anga, kaya wokwerayo ndi ndani.

Nditafika ku Blantyre ndinapita kuchipatala. Apongozi ndinawapeza kukhitchini ya odwazika matenda, akukoleza moto ndi nkhuni zopempha. Ndinanjuta chapatali monga mwa masiku onse, maso pansi. Namwino uja anali atawafotokozera zonse. Kwa nthawi yoyamba chikwatirireni, anandiitana kuti ndisendere pafupi.

"Akuti poyamba munandilemba kuti ndine wopepuka."

"Eya, amayi. Unali ulemu."

Anakankhira chikuni pamoto, n'kundiyang'ana m'maso.

"Bambo, tsiku lina mukadzafuna kundilemekeza, mudzandigulire nsalu. Ulemu winawo ukanandiphera mwana."