Mano a Atelala

Atelala anafika mumzinda uno atasenza mutu wa makina osokera, mwana ali kumsana. Malire anawoloka wapansi, ndipo pepala la chidindo analibe ngakhale limodzi. Mwanayo anakulira pansi pa thebulo la makina, akutola zidutswa za nsalu. Anali wowonda koma wakuthwa mutu, ndiye amake ankamutcha Kasingano.

Atelala ankakhala moyo wa munthu wosafuna kuonedwa. Kasitomala akawachitira mwano, iwo ankapepesa. Galimoto ya apolisi ikamadutsa, ankawerama ngati ulusi wakola m'makina. Anthu akayamba kuwazolowera n'kumafunsa za kwawo, ankasamuka. Chimene chinawakanika kubisa ndi kuseka basi. Akaseka, mpata wa pakati pa mano awo unkaonekera patali, ndipo Kasingano anatengera mpata womwewo, mphumi yaikulu yomweyo, ngakhale kayendedwe kopendekera kumanzere.

M'makalasi am'munsi aphunzitsi ankangolemba zimene kholo lanena. Koma mayeso omaliza a kusekondale atayandikira, anafuna chiphaso cha kubadwa, ndipo kukoleji ankafuna chomwecho. Mtsikana woyamba m'kalasi analibe polowera.

Apa ndi pamene panatulukira mayi wina wamasiye amene ankasoketsa kwa Atelala. Mwana wake wamkazi, msinkhu umodzi ndi Kasingano, anamwalirira kumzinda wakutali, ndipo imfayo sinalembetsedwe kuboma. Chiphaso chinali m'sutikesi. Mayiyo anali atangogula nyumba kudera kumene kunalibe wowadziwa, ndipo anati onse akakhale komweko: Kasingano atenge dzina la malemu, Atelala akhale alendi m'kachipinda ka kuseri. Sanafune kanthu. Anangoti mwana wa mnzako ndi wako yemwe. Mwambi ndi wabwino, koma Atelala anaiwala kufunsa kuti mnzawoyo akuumva motani.

Poyamba zinali za papepala chabe. Pagulu mtsikana ankati "amayi" kwa Eninyumba ndi "Atelala" kwa amake, koma akatseka chitseko cha kuseri, awiriwo ankaseka mpaka misozi. Kasingano anakhoza mayeso, n'kutengedwa kukaphunzira unamwino. Kenako Eninyumba anati mwana wa kukoleji sangawerengere pa mulu wa nsalu, agone m'nyumba yaikulu. Kenako anabweretsa madiresi a malemu kuti Atelala awapungule m'chiuno. Atelala anamasula misoko ya mwana wakufa, n'kuisokanso pa muyezo wa mwana wawo. Chithunzi cha malemu chinachoka pakhoma la pabalaza, panangotsala msomali.

Tsiku lina Atelala anafunsa mwaulemu chifukwa chake Eninyumba anasiya ulendo wawo wa chaka ndi chaka wokaona manda.

"Ndikaoneko ndani?" anayankha Eninyumba, akumwetulira. "Mwana wanga ali kukoleji."

Atelala anachita mantha, ndipo nsanje inawadya, koma akadanena chiyani? Mawu amodzi okha a mayi ameneyu akanatha kuchotsa Kasingano m'kalasi n'kuwakweza onse awiri galimoto ya kumalire. Atelala anangobwerera pamakina.

Chaka chomaliza chitafika, kunabwera kasitomala watsopano, mayi wamilomo yofiira wokonda kutchula ntchito ya mwamuna wake asanafunsidwe. Bamboyo ankagwira kuofesi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko. Atelala anali atagwada pakhonde, akupinda diresi la mayiyo kumiyendo, pamene Kasingano analowa pageti atavala yunifolomu yoyera. Chidendene cha nsapato yake chinathyoka, iye n'kudzandira. Anaseka, ndipo Atelala nawo anaiwala, anaseka.

Mayi uja anayang'ana mtsikana, n'kuyang'ana Atelala, n'kubwereranso kwa mtsikana, mosafulumira.

"Koma Mulungu amaumba modabwitsa," anatero. "Mwana wa eninyumba, mano a telala."

Anawonjezera kuti Loweruka abwera ndi bambo kudzayeza suti, naonso adzaone zodabwitsazi. Kaya ankangocheza, kaya ankatanthauza kanthu, Atelala sanadziwe. Anthu oterewa amakuopseza ngakhale akukufunsa za mtengo wa zipi.

Kuyambira tsiku limenelo Atelala anatsitsa duku mpaka pansidze, anatembenuza makina kuyang'ana kukhoma, ndipo ankalankhula atagwira pakamwa. Koma nkhope si diresi yoti ungaipungule. Anadziwa kuti umboni wokhawo wotsutsa mwana wawo mumzinda monsemu ndi iwo eni. Ankangodikira kuti Eninyumba abwere kudzawauza zosamuka, ndipo anakonzeratu mawu owayankha, ena aulemu, ena ayi.

Amene anabwera Lachinayi masana ndi Kasingano. Anali atavala diresi la buluu la malemu. Anatseka chitseko, koma sanakhale pabedi monga kale. Anafotokoza kuti mwezi wathawu mnzake wina anatulutsidwa m'wodi akuyeza wodwala, chifukwa cha mapepala omwewa, ndipo mpaka pano palibe akudziwa kumene ali. Anati kwangotsala mayeso omaliza. Ankalankhula akuyang'ana pansi.

"Ndiye mwina mukanayamba mwasamukira kwina, Atelala," anatero.

Atelala anacheukira kuchitseko, kenako kuwindo, kuti aone amene akumvetsera. Kunalibe munthu. M'chipindamo anali awiri okha.

"Kasingano," anaitana motsitsa.

"Musamatchule limenelo. Ndingadzaiwale n'kuyankha pagulu."

Atelala anaona kuti msoko wa paphewa la diresilo wayamba kumasuka. Anatenga singano, namuuza aime chilili, n'kuusoka pomwepo ali chivalire. Anasoka pang'onopang'ono kuposa mmene ntchitoyo inkafunira, ndipo mtsikanayo sanawafulumizitse. Atamaliza analuma ulusi ndi mano omwewo.

Lachisanu m'mawa anamasula makina pathebulo, nasenza mutu wake. Eninyumba anawatsegulira geti okha, n'kuwatsimikizira kuti asadere nkhawa, mwana ali m'manja abwino. Atelala anatsika ndi msewu osadziwa kolowera. Pokwera basi anapititsa dzanja kumsana kuti atchinjirize mutu wa mwana pachitseko, monga ankachitira kale, ndipo dzanjalo linangogwira nsalu ya bulauzi yawo.