Ampulifaya Imene Ndinati Inapsa

Ine nditagula ampulifaya ndinasintha ngakhale kayendedwe. Mkazi wanga amanenabe mpaka lero kuti mwezi umenewo ndinkayenda mapewa ali m'mwamba ngati ndagula Mwanza yonse ndi mapiri ake omwe. Sindimutsutsa, chifukwa ndi mmene zinalili.

Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito pa boda, yolembera madalaivala a mathiraki mapepala a katundu. Dalaivala wina wodutsa kawirikawiri kuchokera ku Tete ndi amene anandibweretsera chinthucho. Sinali ampulifaya ya anthu olemera kwenikweni, komanso sinali zija za pamsika zophethira timagetsi tofiira ndi tobiriwira. Inali ya pakatikati, ya munthu wofuna kuti anzake aone kuti wayamba kukwera. Chibokosi chakuda cholemera ngati mwana woyamba kuyenda, masipika asanu ang'onoang'ono, ndi china chachikulu chokhala pansi, chogunda mpaka m'chifuwa, chimene tinkachitcha chiwufa. Buku la malangizo linali m'Chipwitikizi. Chipwitikizi changa n'cha pa boda, chopatsira moni ndi kukanganira ndi osintha ndalama, ndiye mabatani a pa rimoti ndinawaphunzira mongodina n'kudikira zimene zichitike. Batani lina nditalidina oimba onse anayamba kumveka ngati agwera m'chitsime, ndipo panatha masiku atatu ndisanawavuule.

Tinkakhala nyumba ya lendi pafupi ndi boma, pabalaza pake pothina. Dalaivala uja anandiuza kuti masipika awiri amayenera kukhala kumbuyo kwa womvera. Sofa yathu inali yotsamira khoma, ndiye ndinaikokera pakati pa balaza, moti mkazi wanga popita kukhitchini ankadutsa cham'mbali, atakweza beseni m'mwamba. Mawaya ndinawakhomera m'makoma onse ndi timisomali topinda. Ndikatsegula, malata ankanjenjemera, matambula m'kabati n'kumagundana. Tsiku lina tikuonera filimu ya ku Nigeria, m'filimumo munagunda mabingu, mayi wa nyumba yoyandikana nafe n'kuthamanga kukaanula ufa wake dzuwa likuswa mtengo. Nkhani imeneyo ndinaifotokoza pa boda mwina kakhumi, aliyense wofuna ndi wosafuna.

Mkazi wanga anaiphimba pamwamba ndi kansalu koluka, n'kuikapo maluwa apulasitiki kuti iwoneke bwino. Inatentha, n'kudzizimitsa yokha pakati pa nyimbo. Ndinamulalikira ngati mlaliki wa pa depoti, kuti timabowo ta pamwambapo ndi mphuno zake, imapuma imeneyi, siyofunditsa. Iye anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Ndamva, bambo," anatero. "Ndimayesa ana athu ndi awiri, kani ndi atatu."

Tsopano ndinene za amalume ake a mkazi wanga, a kumudzi wa kwa Kanduku, amene anali ankhoswe athu. Pamene ndinkafunsira ukwati ndinalibe kanthu, buluku limodzi ndi pakamwa basi. Achibale ena ankakana, amati anyamata a pa boda ndi oyendayenda, lero ali kuno mawa ali ku Zobue, kutsidya kwa boda. Anandiimira ndi amalumewo. Kuyambira tsiku limenelo sananditchepo mkamwini. Ankanditcha mwana wanga. Mawu amenewo ndinkawakonda, chifukwa bambo anga ondibereka anamwalira ndili wamng'ono, ndipo panalibe wina wonditcha choncho. Akakolola ankatibweretsera mtedza ndi manachesi panjinga, atakwera mapiri onse aja.

Tsiku lina atangomaliza kukolola anabwera, n'kukhala pa sofa yanga ya pakati pa balaza, chipewa chili pabondo. Magetsi anali atazima, ndiye ampulifaya inali phee. Atamwa tiyi anayamba nkhani. Mwana wawo wamkazi womaliza anali ndi chinkhoswe kumapeto kwa mwezi. Jenereta anali atalonjezedwa kale ndi mwini golosale wa kumudziko. Chimene chinatsala ndi choimbira.

"Ndiye ndati ndisavutike ndi anthu akutali," anatero, "poti mwana wanga ali nacho cholira mpaka kuseri kwa phiri."

M'mutu mwanga munadutsa zonse nthawi imodzi. Fumbi la pabwalo likulowa m'mphuno zake zija. Jenereta ya pa golosale, yokwera ndi kutsika ngati munthu wa chifuwa. Anyamata oledzera akupotokola batani la mawu mpaka kumapeto. Zonsezi zinali zoona, ndipo ndikanangonena, munthu wamkulu ngati uja akanamva. Ndikanati amalume, ichi n'cha m'nyumba, jenereta ichiwotcha, koma tiyeni ndikufunireni china. Mawu ake ndi ochepa chabe. Koma kukana ankhoswe pamaso kunandilemera, ndiye ndinasankha njira ya amantha. Ndinagwetsa nkhope, n'kupumira m'mwamba.

"Amalume, mwachedwa pang'ono. Inapsa dzana. Magetsi anabwera mwamphamvu, tinangomva fungo."

Mkazi wanga anali akuthira tiyi wachiwiri. Anaika ketulo pansi pang'onopang'ono. Amalume anayang'ana chibokosi chija nthawi yaitali, kenako anayang'ana ine.

"Pepani, mwana wanga," anatero. "Ndikudziwa mmene munaikondera."

Anandipepesa ngati pamaliro, ine n'kumavomera ndi mutu. Ndinawaperekeza mpaka pamsewu ndili ndi nkhope yomweyo, ndipo pobwerera ndinkadziyamikira kuti ndine wochenjera.

Chimene sindinaganize n'chakuti Mwanza ndi yaing'ono. Anthu a kumudzi kwa mkazi wanga amabwera pa boma tsiku ndi tsiku, wina kuchipatala, wina kumsika, ndipo aliyense ankapatukira kwathu kudzamwa madzi. Ampulifaya ikanangolira kamodzi, madzulo ake nkhani ikanafika kwa Kanduku. Ndiye ine, mwini masipika asanu ndi chiwufa, ndinakhala milungu itatu m'nyumba ya zii. Lamulungu masana ndinkatseka mawindo ndi zitseko, n'kutsegula motsitsa kwambiri, n'kugwada pansi khutu lili pa sipika, thukuta lili kamukamu. Wina akagogoda ndinkadumpha ngati ndagwidwa m'munda wa eni. Mayi wa ufa uja anabwera kudzandipepesa, koma chimwemwe chinkaoneka m'maso mwake. Mkazi wanga ankandilambalala ndili chigwadire, n'kumati, "Odwala adzuka bwanji lero?"

Loweruka lina ndinabwera kuchokera ku boda masana kudzadya. Pakhomo ndinapeza njinga ya amalume. Pa handulo panali tambala wofiira, womangidwa miyendo, mutu uli pansi. Pa kaliyala panali ampulifaya yanga, yokulungidwa m'chitenje, amalume akuimanga ndi zingwe za mphira. Ndinawafunsa kumene akupita nayo.

Anandiuza kuti nkhope yanga ya tsiku lija inawasowetsa mtendere. Pamsika panali mkulu wina wokonza mawailesi, amene anawakonzerapo yawo kawiri, ndipo tambalayo anali womulipira iyeyo.

"Musaganize kuti ndi za chinkhoswe," anatero. "Kumeneko takonza kale, tidzavina ndi ng'oma. Ine ndikungofuna muyambirenso kuseka, mwana wanga."

Ndinakokera mkazi wanga kuseri kwa chitseko, n'kumufunsa monong'ona kuti waperekeranji.

"Amene munati inapsa ndinu," anayankha. "Mumafuna ine ndinene kuti amalume, mwamuna amene munamuimira uja ndi wabodza?"

Apa mpata wachiwiri unalipo. Ndikanatuluka, n'kugwada, n'kunena zoona, akanandiseka kapena kundikalipira, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma ine, chitsiru cha munthu, ndinatuluka n'kukawathandiza kulimbitsa mfundo. Ndinawachenjezanso kuti asamale m'mabampu. Njingayo sanakwere, anaiyendetsa chokankha, dzanja limodzi lili pa chitenje. Ndinati sindingawaperekeze, ntchito yandichulukira ku boda, koma ku bodako sindinapite. Ndinakhala pa sofa n'kumayang'ana mawaya akulendewera pa shelefu, ndikupempha Mulungu kuti wokonzayo akhale wakuba, anene kuti wapeza chakupsa, atenge tambala wake. Tangoganizani pemphero la munthu wobatizidwa.

Wokonzayo anali munthu wolungama. Patatha maola awiri amalume anabwera, tambala ali pa handulo pomwe paja. Anamasula zingwe, n'kunyamula ampulifaya okha, kukana kuti ndiwathandize. Anaiika pa shelefu, n'kupukuta fumbi la pamwamba ndi chipewa chawo. Kenako anakhala pansi.

"Mkulu uja wangoilumikiza ku masipika ake, yalira msika wonse kutembenuka," anatero. "Watsegula m'kati, wanunkhiza, wati simunapsepo kanthu chiigulireni."

Ndinayamba kulankhula zosamveka, zoti mwina magetsi, mwina waya, zinthu za masiku ano zimadzikonza zokha. Anandisiya mpaka mawu anandithera.

"Eya, zimatero," anatero. "Mwina inangotopa."

Ndinati ndiye aitenge, ndi masipika onse, ndi chiwufa chomwe, ine ndifuna galimoto ndidzabweretse ndekha, ndidzakhale pomwepo kuiyang'anira. Ndinalonjeza zinthu zambiri mofulumira. Amalume anaimirira, n'kuvala chipewa.

"Ayi, abwana. Chongochira kumene sichiyenda ulendo. Chisiyeni chipumule."

Abwana. Aka kanali koyamba kunditchula choncho. Sanakweze mawu, sanakwinye nkhope. Tambala anamumasula n'kumupereka kwa mkazi wanga, amvekere wokonza wakana, ndiye adye ana. Mkazi wanga anamulandira ndi manja awiri, misozi ikutsika. Usiku ndi usana wa sabata imeneyo sanandilankhule za ampulifaya, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa akanandinyoza.

Ku chinkhoswe tinapita. Kunali ng'oma, amayi akuimba, ndi kawailesi ka kaseti kamene mabatire ake ankawayanika padzuwa akafooka. Anthu anavina mpaka fumbi koboo, palibe amene anasowa masipika anga. Ine anandipatsa mpando wa ndalema kutsogolo, pamthunzi, patali ndi pamene achibale anakhala pamphasa. Pondionetsa kwa akuchimuna, amalume anati, "Awa ndi abwana athu a ku boda." Aliyense anandipatsa ulemu wonse, ndipo ndinachita manyazi tsiku lonse.

Chaka chotsatira ndinalimba mtima. Ndinapita kumudziko, ndinawapeza akusenda mtedza, n'kuwauza kuti amalume, tsiku lija ndinakunamizani. Anapitiriza kusenda.

"Tsiku lake liti, abwana? Ife okalamba timaiwala."

Ampulifaya ija ilipo mpaka lero, ndipo ikulira bwinobwino. Magetsi anawotcha firiji yathu, anawotcha wailesi ya kanema, koma iyo ayi, ngati ikuchitira dala. Chichokereni tsiku lija ndabwereka aliyense. Yapita ku maukwati, ku misonkhano ya amayi a kutchalitchi, ku phwando la mwana wa munthu amene dzina lake sindilidziwa. Yalira ndi majenereta a mitundu yonse, yabwera ndi fumbi, ina nthawi ndi phala la mwana pa batani, osapsa. Amalume okha ndi amene sanadzandipemphenso kanthu, ngakhale machesi. Mtedza ndi manachesi ankabweretsabe chaka chilichonse, n'kupereka kwa mkazi wanga pakhomo.

Atadwala matenda awo omaliza anagonekedwa pachipatala cha pa boma, pafupi ndi kwathu, ndipo ndinkapita tsiku lililonse ndi chakudya. Tsiku lina ndinawapeza ali maso, mkazi wanga atatuluka kukatsuka mbale. Tinali awiri. Ndinawerama, n'kuwagwira dzanja, n'kuwauza kuti ndabwera, amalume. Ndinadikira. Anandiyang'ana bwinobwino, anandizindikira, n'kumwetulira pang'ono.

"Mwabwera, abwana? Khalani pampandopo, mungadetse buluku."

Ndinakhala pampandopo.