Vitus, Amene Anaperekeza Agogo Esitele Kumalire

Abambo mfumu atandipempha kuti ndilembe m'kalata ya parishi za mkhristu mmodzi amene ndinamudziwa, sindinachedwe kusankha. Ine ndine Benedicto Zulu, ndipo ndilemba za mnzanga Vitus Mbewe, amene anatisiya mu 1974 ali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu.

Tinabadwa chaka chimodzi kwa Zulu, nyumba zathu zitayang'anizana. Tinkadyetsera limodzi mbuzi, ndipo Lamulungu tinkalawirira wapansi kupita ku Misa ku Ludzi. Vitus anali wachibwibwi, moti anzathu ankamuseka akamayankha katekisimu. Iye sankakwiya. Ankangoti, "Mulungu sa-sathamanga, amadikira ndimalize."

Tili Sitandade 6, bambo ake anamwalira ku migodi ya ku Joni. Chimene chinabwerako ndi sutukesi ndi njinga basi. Vitus anasiya sukulu nayamba kulima chimanga ndi fodya kuti amayi ake ndi alongo ake awiri asavutike. Njinga ija inasanduka ya mudzi wonse. Mayi woyembekezera, mwana wa malungo, nkhalamba yothyoka mwendo, onsewa ankafika kuchipatala pa kaliyala ya Vitus, iye akupalasa kolona ili m'khosi.

Mu 1972 kunabwera mavuto. Anthu a Mboni za Yehova ankakana kugula khadi ya chipani, ndipo ankathamangitsidwa m'midzi. Kuseri kwa dimba la kwathu kunali banja la a Timoteyo, a mpingo umenewo. Tsiku lina nyumba zawo zinatenthedwa, iwo nathawira ku Zambia ndi ana. Amayi awo, agogo Esitele, sankatha kuyenda. Anawabisa m'nthochi poganiza kuti adzawatenga zinthu zikazizira.

Vitus anawapeza m'mawa mwake atapita kukathirira mpiru. Anabwera kwathu dzuwa lili pamutu.

"Bene, tiye undithandize. Agogo aja ali m'nthochi, sa-sanadye kanthu. Ndikufuna ndiwaperekeze kwa mwana wawo."

"Wapenga kodi?" ndinatero ine. "Akakupeza nawo akupha. Ndiponso si a mpingo wathu."

"Njala ilibe mpingo," anayankha.

Ndikuvomera pamaso pa akhristu anzanga kuti ndinachita mantha. Ndinangomuthandiza kuwakweza pa kaliyala ndi kuwamanga ndi chitenje kuti asagwe. Kenako ndinawatsatira chapatali, ngati munthu amene ali pa ulendo wake.

Asanafike patali, pa mlatho wa mitengo, anakumana ndi achinyamata a chipani asanu. Mmodzi mwa iwo anali Cyprian, amene tinkaimba naye kwaya.

"Khadi!" anakuwa wamkulu wawo.

Vitus anatulutsa yake.

"Nanga ya agogowa?"

"Alibe, achimwene. Ndi-ndikuwaperekeza kwa mwana wawo."

"Atsitse pompano, iwe uzibwerera."

"Ayi, sindiwasiya pamsewu."

Anamugwetsa pansi, namuponda pachifuwa ndi nsapato. Ine ndinali kuseri kwa mtengo wa muwanga, ndikuona zonse. Vitus sanabwezere ngakhale kutukwana. Atamusiya, anadzuka pang'onopang'ono, nadzutsa njinga, nawakwezanso agogo aja amene anali kulira m'fumbi. Wamkulu uja ananyamula ndodo, koma Cyprian anamugwira dzanja.

"Basi, akulu. Musiyeni apite."

Kupalasa kunakanika, choncho anakankha njingayo mtunda wonse mpaka kumalire. Kumeneko anapeza anthu othawa amene ankawadziwa a Timoteyo, ndipo anatuma mthenga. Sanachoke mpaka ataona mayi ali m'manja mwa mwana wake. Anabwerako tsiku lachitatu akutsokomola magazi.

Kuyambira pamenepo chifuwa chake sichinakhalenso bwino. Masisitere anayesetsa ndi mankhwala, koma thupi linkangotha. Amalume ake anamuumiriza kuti atchule amene anamumenya, kuti tsiku lina adzabwezere. Iye anakana. "Ndikawatchula, mawa Cyprian alowa bwanji m'tchalitchi?" Ine anangondiuza kuti nditseke pakamwa, ndipo za kubisala kwanga kuseri kwa mtengo sananditonzepo ngakhale kamodzi.

Dzinja lotsatira, mphamvu zogwira khasu zitamuthera, tinaona Cyprian akupalira m'munda mwa Vitus popanda womutuma. Anabwera tsiku ndi tsiku mpaka kukolola. Vitus ankakhala pamphasa m'mphepete mwa munda, awiriwo n'kumaphunzitsana nyimbo za Pasaka. Ana a m'mudzi ankabweranso kwa iye masana kudzaphunzira mapemphero, popeza ku Ludzi sankathanso kufika.

Anamwalira Lachisanu m'mawa, mwezi wa Febuluwale, mvula ikuwaza. Abambo mfumu anabwera pa njinga yamoto, namudzoza mafuta a odwala ndi kumupatsa Ukaristia. Vitus anapempha amayi ake kuti atsegule chitseko aone chimanga. Atachiyang'ana kwa kanthawi anati, "Amayi, chaka chino mudya." Tinayamba Atate Athu, ndipo tisanamalize anali atapita, nkhope ili phee ngati wagona.

Patapita zaka pafupifupi makumi awiri, zinthu zitasintha m'dziko, kunafika bambo wa imvi akufunsa nyumba ya Vitus. Anali a Timoteyo. Sanadziwe kuti Vitus anamwalira kalekale. Ndinawatengera kumanda, ndipo anaima nthawi yaitali chipewa chili m'manja.

"Amayi anakhala nafe miyezi isanu ndi iwiri," anatero. "Anamwalira pamphasa, atadya, zidzukulu zitawazungulira. Akanafera m'nthochi ngati galu. Ndimafuna ndimuuze zimenezi."

Ndinawayankha kuti Vitus wamva.

Akhristu anzanga, Vitus sanakhalepo pa udindo uliwonse mu mpingo, ndipo pamanda pake pali mtanda wachitsulo wopanda mawu ambiri. Ine ndakhala mphunzitsi, ndakhalapo wapampando wa tchalitchi, ndaona ndi zidzukulutudzi. Koma mlendo akandifunsa kuti ndine yani kuno kwa Zulu, ndimayamba ndi chimene ndimanyadira koposa: ndine mnzake wa Vitus Mbewe. Mzimu wake uuse mumtendere.