Namantha ndi Fani Yong'ung'udza

Ana anga, inu amene mwalephera mayeso n'kumadzitsekera m'nyumba, tamverani kuno. Foniyo muichotse kaye pa chaja, musamagwire chinthu chili pamagetsi.

Tsiku limene zotsatira za mayeso zinatuluka, mtsikana wina anafika pakhomo maso ali psuu. Anali atalepheranso. Mayi ake anamwalira iye akuyamwa. Bambo ake anafa ndi magetsi: anatola waya wogwa ndi mphepo kuti ana asauponde, dzanja n'kukana kutambasuka. Chichitikireni zimenezo, agogo ake amene ankamulera sankamulola ngakhale kusintha babu. "Usakhudze! Usaponde! Wapukuta m'manja?" Mwana anakula akuyang'ana kawiri asanagwire kanthu, mpaka anzake anamutcha Namantha.

Amalume ake anabwera ndi nzeru zawo. "Sukulu yamukana uyu. Mwezi ukatha ndimutenga. Kuli banja lina kutali likufuna wantchito wam'nyumba."

Kutaliko agogo ankakuopa, koma njala ankaiopanso.

Namantha sanafune kuwasiya okha. Anayenda khomo ndi khomo kufuna ganyu, ndipo pamene anamulandira panali pamodzi pokha: pa kashopu kokonza mafani ndi mapampu a madzi. Ntchito yake inali kusesa. Kwa agogo anangoti, "Ndikusesa pa shopu." Shopu yake yanji, sanatchule. Inu musatengere zimenezo, bodza la theka ndi bodza ndithu.

Mwini shopuyo anali mmisiri wachikulire, wa chipsera chakuda pachikhatho. Tsiku lina fani ina inkangong'ung'udza patebulo, osazungulira. Mmisiri anaikankha ndi kamtengo, iyo n'kuyamba kuthamanga. Namantha anaima, tsache lili m'manja.

"Bambo, ndiye kuti mphamvu inalimo kale. Nanga imadikira chiyani?"

"Ohoo, tsache layamba kufunsa mafunso?" anaseka mmisiri. "Sendera. Magetsi a batire amayenda njira imodzi. Awa a m'khoma ayi. Amapita, amabwerera, amapita, amabwerera, ngati sowo podula thabwa, koma mwaliwiro loti diso silingaone. Ndiye mota yozunguza faniyi ikakhala itaima, imakokedwera uku ndi uku mofanana. Iloze kuti?"

Anatsegula kumbuyo kwa faniyo n'kumuonetsa kabokosi kakang'ono kakuda.

"Aka ndi kapasita. M'fanimu muli makoilo awiri a waya. Ntchito ya kameneka n'kutsogozako pang'ono magetsi a koilo yachiwiri. Uyu akakoka, mnzake alandira, uyu akakoka, mnzake alandira, basi chinthu chazungulira. Kakafa, fani imangodandaula ngati apongozi."

Zimene zinkamukana pa bolodi kusukulu zinalowa m'mutu tsiku lomwelo. Akatha kusesa ankapempha mota zotayidwa kuti aphunzirepo kukulunga waya. Koilo yake yoyamba inapsa, utsi tolo, onse m'shopu n'kuthawira panja akutsokomola. Yachiwiri inapsanso. Waya anamucheka zala, koma ankamasula n'kuyambiranso, mpaka mota ina inazungulira.

"Mutu ulipo," anatero mmisiri. "Koma mwana wa eni sindimuphunzitsa popanda mawu a womulera. Abwere."

Namantha anasowa poyambira, mwezi nawo ukutha. Koma agogo amantha sagona tulo ndi maso onse. Pochapa anapeza tizidutswa ta waya wa kopa titakodwa mumpendero wa siketi yake. M'mawa mwake anamutsatira chapatali, ndodo ili m'manja.

Agogo anaima pakhomo pa shopu, osalowa, poona mawaya ali pansi.

"Iwe mwana! Chimene chinadya bambo ako ndicho ukusewera nacho? Tuluka! Bola upite ndi malume ako, ndizikumva mawu uli moyo."

Misozi ya Namantha inangoti chuchuchu. Mmisiri anavula chipewa.

"Amayi, khalani pa mpando uwu. Ndi wathabwa, magetsi sadutsamo. Mungomuona akonze fani iyi. Mukapeza cholakwa, mutengeni, sindikutsekerezani."

Agogo anaugogoda kaye mpandowo ndi ndodo, kenako anakhala chakumapeto kwake.

Namantha anapukuta misozi, napukutanso m'manja mpaka muume. Anayang'ana pansi ngati pali madzi. Anazimitsa swichi, nazula pulagi, naiika poti aziiona. Anayesa ndi tesita kuona ngati mwatsala magetsi, nayesanso. Kenako anagwira sikuludiraiva kuchigwiriro chake cha pulasitiki n'kukhudzitsa nsonga pa timiyendo tiwiri ta kapasita. Kamoto kanathetheka, the!

Agogo anadumpha. "Mayo! Si wazula pulagi iwe?"

"Kamasunga magetsi, agogo, ngakhale muzule. Paja mumati njoka yakufa osaigwira kumutu."

Anaikamo kapasita wina, namanga, nabwerera m'mbuyo asanayatse. Fani inazungulira yokha, mphepo n'kukupiza mpango wa agogo.

"Amayi," anatero mmisiri, "ndaphunzitsa olimba mtima ambiri. Ena ndinakawazonda kuchipatala. Inenso onani chikhathochi, ndinali wolimba mtima. Ntchito iyi imafuna wamantha. Khwangwala wamantha anafa ndi ukalamba. Mwanayu munamuphunzitsa kale ndinu, ine ndikungomalizitsa."

Maso a agogo anayendayenda m'shopu monse. Kenako analoza ndi ndodo.

"Waya uyo wasupuka. Chidebe cha madzicho chichoke pafupi ndi khoma. Ndipo mwanayu asamagwire ntchito ndi nsapato zobooka pansi."

"Ndiye mwavomera, agogo?"

"Ndati chidebe chichoke."

Mwezi utatha, amalume anakwera basi okha.

Sikuti zonse zinayenda myaa. Makasitomala ena ankati akaona mtsikana, n'kunyamula pampu yawo kubwerera nayo. Mayeso a umisiri nawo anamugwetsa ulendo woyamba. Anabwerera kwa mmisiri, nawerenganso, nalembanso, n'kukhoza. Lero ali ndi shopu yakeyake, ndipo alimi amachokera kutali ndi mapampu awo kudzafuna dzanja lake. Pachikwangwani analembetsa dzina lomwe ankamuseka nalo lija.

Tsiku lotsegulira shopuyo, anthu atasonkhana, anagwada pamaso pa mmisiri, amene tsopano ankayendera ndodo. "Bambo, munayankha funso la tsache. Zikomo." Kenako anatembenukira kwa agogo ake.

"Agogo, ndinkadandaula kuti munandilera ndi mantha. Ndiwo akundidyetsa lero, ndipo zala zanga zonse zilipo. Mulungu akusungeni."

Agogo anamugwira manja onse awiri, nawatembenuza, naziyang'ana zalazo chimodzichimodzi.

Ndiye inu ana anga, mayeso akakugwetsani musathamangire kumowa, musathamangire kwa aliyense wokulonjezani zakutali. Chimene akukusekani nacho lero mwina ndicho mpamba wanu. Funsani, ngakhale muli ndi tsache m'manja. Chikapsa, masulani muyambirenso. Osataya mtima. Ndipo amene anakulerani mukawathokoze msanga, makutu awo akadamva.