Phazi la Kuseri kwa Khola

Kwe kwe kwe, supuni ikukanda pansi pa chitini. Umu ndi mmene tinkatakasira pulasitala, ufa woyera wothira pamene mbala yaponda kuti ukauma utenge maonekedwe a phazi. Pa maphunziro athu aupolisi, ichi chokha ndicho ndinkakhoza. Agogo amene anandilera makolo anga atamwalira anandizoloweza kuyang'ana pansi akulu akamalankhula, choncho pansi ndinkapadziwa bwino.

Mphunzitsi wathu, sajeni wadazi, anatopa ndi milandu yopeka ya m'kalasi. Atamva kuti kwa Ngabu mlimi wina wa thonje waberedwa mbuzi, anatikweza galimoto.

"Lero muona zenizeni," anatero. "Wopeza umboni wakhoza. Wogona abwerera kwawo azikawedza milamba. Umboni sunama, komanso suopa munthu."

Kwathu ku Chiromo agogo anali atalengeza kale mudzi wonse kuti ndalembedwa ntchito ya boma.

Tinazinga khola ndi chingwe. Anzanga anayeza chitseko, wina anafunsa mwinikhola ngati mbuziyo inali ndi adani. Mkuluyo ankangoti, "Sindinaone kanthu, bwana," ngakhale asanafunsidwe.

Ine ndinazungulira kuseri, kumene dothi linali lonyowa ndi mkodzo wa mbuzi. Panali phazi lokongola, loti mphunzitsi aliyense angalilakelake: jombo, mizere yake yonse ikuoneka, pambali pake timapazi ta mbuzi yokana kuyenda. M'mudzimo anthu ankayenda osavala nsapato, olemera ndiwo ankavala nkhwaira za matayala. Jombo zinali za anyamata aja oima pachipata cha msika kufunsa makhadi achipani.

"Bwana, ndapeza!" Aka kanali koyamba kukweza mawu chiyambireni maphunziro.

Sajeni anabwera, anzanga ali pambuyo. Anawerama, nayang'ana nthawi yaitali. Mwinikhola anayamba kuyang'ana kumwamba ngati kukubwera mvula.

"Iwe mwana, ukuti wapeza chiyani?"

"Phazi, bwana."

"La ndani?"

Anzanga onse anali atabwerera m'mbuyo pang'ono.

"La fisi, bwana."

"Fisi!" mwinikhola anavomera msangamsanga. "Ativuta chaka chino, bwana, afisiwa."

"Wakhoza," anatero sajeni. "Maso ako ndi akuthwa, ufika patali."

Anathyola nthambi ya nimu ya masamba ambiri, nandipatsa m'manja. Analoza phazi lija ndi chibwano, n'kuuyamba wa ku galimoto.